Mphika Umodzi, Ana Ambiri: Chiyanjano cha Ophunzira Athu ku Yunivesite

Mwezi wa Febuluwale uli ndi kachisoni kake kamene ife a kuno ku mapiri a Tsangano ndi Macanga tayamba kukazolowera. Chimanga chimakhala chikumasula, mvula ili pakati, m'nkhokwe zambiri mukuoneka pansi, ndipo ndi nthawi yomweyo imene ana athu opambana mayeso olowera ku yunivesite amanyamuka. Mayi amamanga kathumba ka ufa, nyemba pang'ono ndi mbatata ya kachewere. Bambo amasanthula m'matumba kufuna ndalama ya chapa. Mkulu wa mpingo amaitanidwa kuti adzapemphere. Galimoto ikangokhota, timabwerera kunyumba tikuuzana kuti mwanayo tamupereka m'manja mwa Mulungu. Mawuwo ndi oona ndithu. Koma Mulungu posunga munthu amagwiritsa ntchito manja a anthu ena, ndipo ndi ochepa mwa ife amene anafunsapo kuti kumene mwanayo akupita manja amenewo ndi a yani.

Manja amene tikunenawa ndiwo magulu a ophunzira a Chikhristu a m'masukulu a ukachenjede. Ena mwa ife olemba nkhaniyi tinadutsamo, ena tili ndi ana amene ali momwemo tsopano. Sitikhalitsa pa maulaliki ndi maphunziro a Baibulo amene amachitika m'magulumo, pakuti amenewo palibe mkulu wa mpingo amene amawatsutsa. Tikufuna kunena za mbali imene ambiri timaikayikira, ndiyo kudyera pamodzi, mpira, kwaya, maulendo ndi macheza.

Kumene ana athu amapita

Mwana wa ku Tsangano kapena wa ku Furancungo akamaliza kalasi ya 12, kawirikawiri sangapitirize maphunziro ali pakhomo pa makolo ake. Amene ali ndi mwayi wokhala pafupi amapita ku Ulongué m'boma la Angónia, kumene kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Zambeze, ndiponso sukulu ya Hefsiba ya mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique imene inayamba mu 1994. Ena amatsikira mumzinda wa Tete, ku Instituto Superior Politécnico de Tete imene inakhazikitsidwa mu 2005, ku nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze, kapena ku Universidade Púnguè imene inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa. Ena amafika mpaka ku Beira, ena ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo.

Zimenezi ndi zachilendo pakati pathu. Pamene nkhondo inatha mu 1992, ambiri a ife tinali tikadali othawa kwathu ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo pobwerera tinapeza sukulu zambiri zili mabwinja. Kuti lero mwana kapena mdzukulu wa anthu omwewo akuphunzira za migodi, za mankhwala kapena za nthaka, ndi chinthu chothokoza nacho Mulungu. Koma tanthauzo lake lina ndi lakuti makolo ambiri akutumiza ana kumene iwo eni sanafikeko, kotero kuti malangizo awo amathera pa mawu akuti ukakhale bwino.

Mwana amene wakulira kumene mwezi wa Juni umafuna mabulangete awiri, akafika ku Tete amapeza kutentha kumene mu Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40. Mumsika akulankhula Chinyungwe, m'kalasi Chipwitikizi chothamanga cha ana a m'tauni, ndipo iye akatsegula pakamwa anzake amazindikira msanga kuti ndi wa kumapiri. Kuyambira pamene migodi ikuluikulu ya malasha inayamba ntchito ku Moatize mu 2011, nyumba za lendi zinakwera mtengo, mwakuti kachipinda kamodzi kamagona ophunzira angapo. Ndalama imene bambo anaona ngati yambiri pogulitsa fodya siona tsiku la 20 la mwezi.

Komabe chovuta chenicheni chimafika mwakachetechete pa Lamulungu loyamba. Kwathu kuno belu likalira, mudzi wonse umadziwa amene wapita ku tchalitchi ndi amene wagona, ndipo agogo safuna chilolezo kuti akugogodere. Kumeneko palibe womudzutsa ndipo palibe amene adzafunse. Timakonda kuganiza kuti ana athu amataya chikhulupiriro chifukwa cha mphunzitsi wina wanzeru amene wawatsutsa m'kalasi. Zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Ambiri amangogona Lamulungu loyamba chifukwa chotopa, lachiwiri amachapa, lachitatu amachita manyazi ndi nsapato zawo, ndipo pofika Pasaka amakhala atazolowera. Sanakane Yesu ayi, koma palibe amene anabwera kudzawatenga.

Apa ndi pamene gulu limalowera. M'masukulu ena a dziko lathu muli bungwe la Aliança Bíblica Estudantil de Moçambique, lodziwika mwachidule kuti ABEMO. Ndi m'bale wake wa SCOM ya ku Malawi, imene inayamba mu 1961 ndipo ena a ife tinaidziwa pophunzira tsidya lija m'zaka za nkhondo, komanso wa ZAFES ya ku Zambia. Onsewa ali m'banja la International Fellowship of Evangelical Students, limene linakhazikitsidwa mu 1947 ndipo lili m'maiko opitirira 150. Mwambo wa mabungwe amenewa ndi wakuti ophunzira okha ndiwo atsogolere anzawo. Kumene kulibe bungwe lotere, ophunzira amadzisonkhanitsa okha, kapena amatsamira pa achinyamata a mpingo wa m'tauniyo.

Mphika wa kumapeto kwa mwezi

Ife amene tinadutsamo, mukatifunsa ulaliki umene tinamva m'chaka chathu choyamba, tikhoza kukanda m'mutu. Koma mphika wa kumapeto kwa mwezi sitiuiwala. Masiku amenewo akafika, wina amangolengeza kuti Loweruka tidzaphikira pamodzi ndipo aliyense abwere ndi chimene ali nacho. Wa ku Tsangano amakutumula mbatata zotsala, wa ku Macanga amabwera ndi nyemba, wa kufupi ndi nyanja ya Cahora Bassa amatulutsa nsomba youma, wa kuchigwa amabwera ndi malambe kapena masawu, wa ku Zambézia kampunga kake. Mbaula imodzi, makala osonkherana, mbale zosafanana. Mnyamata amene kwawo sanagwirepo mthiko amaphunzitsidwa kuvundula nsima ndi alongo ake mu Ambuye, onse akuseka mibulu imene watulutsa.

Muyang'anitsitse amene wabwera chimanjamanja. Iye amathamangira kukatunga madzi, kukoleza moto kapena kutsuka mbale, ndipo palibe amene amawerenga kuti wabwera ndi chiyani. Pamenepo pagona nzeru yonse ya mphikawo. Wophunzira wa ku yunivesite ali ndi manyazi aakulu pa nkhani ya njala; angathe kugona ndi madzi masiku awiri osauza munthu, chifukwa kwawo amamuona ngati bwana kale. Mukamuitana kuti adzalandire thandizo sabwera, koma mukamuitana ku macheza amabwera, nadya nakhuta popanda kupempha. Chimene ife kuno tingachione ngati phwando la ana, kwa wina ndi chakudya chake choyamba chenicheni m'sabatayo.

Ndipo mawu amene samveka pa nthawi ya mapemphero amamveka potsuka mbale. Ndi pamenepo pamene wina amaulula kuti walephera phunziro lina ndipo akuopa kuuza bambo ake, wina kuti mayi ake akudwala, wina kuti pali mwamuna wa galimoto amene akumuvutitsa. Akulu anati kali kokha nkanyama, tili awiri ntiwanthu. Mpingo woyamba wa ku Yerusalemu unadziwa zimenezi, pakuti pa Machitidwe 2:42-46 kudyera pamodzi m'nyumba kwaikidwa pamzere umodzi ndi chiphunzitso ndi mapemphero. Tikumbukirenso kuti mkangano woyamba wa mpingo umenewo, pa Machitidwe 6, unabuka pa nkhani ya chakudya pakati pa olankhula zinenero ziwiri, ndipo atumwi sanauone ngati nkhani yachabe. Anauza mpingo kuti usankhe amuna 7 a mbiri yabwino oti ayang'anire magome.

Za mpira sitinena zambiri. Pali anyamata amene simungawakokere ku phunziro la Baibulo ngakhale ndi chingwe, koma mukati timu yathu ikusowa goloboyi amafika nthawi isanakwane. Akasewera kawiri katatu amadziwa maina a anzake, ndipo tsiku lina amapezeka wakhala nawo pa benchi ya kumbuyo. Kwaya nayonso ili ndi ntchito yake: mwana wathu amene anali kubisa Chichewa chake amapemphedwa kuti aphunzitse anzake nyimbo ya kwawo, namva wa ku Gaza ndi wa ku Nampula akulimbana ndi mawu ake monga iye amalimbanira ndi awo. Tsiku limenelo amaleka kuchita manyazi ndi lilime la mayi ake.

Chiyanjano chenicheni chimaonekera pa matenda ndi pa maliro. Mwana wa kumapiri akatsikira kuchigwa sachedwa kugwidwa ndi malungo. Ndani amamuperekeza kuchipatala usiku, kumuphikira phala, kumulembera zimene anzake aphunzira, ndi kuimbira foni makolo ake? Ndi omwe aja anadya naye Loweruka. Uthenga wa maliro ukafika kuchokera kumudzi, ndi omwewo amene amayendetsa chipewa kusonkha mametikali a ulendo, ndipo mmodzi kapena awiri amakwera naye chapa kuti asayende yekha. Ena a inu munawaonapo pa siwa, achinyamata achilendo osadziwa bwino chinenero chathu atakhala phee pakati pa anthu, ndipo munafunsa kuti kodi amenewa ndi ana a yani. Kunali kukwaniritsa mwambi uja wakuti mnzako akapsa ndevu mzimire.

Madandaulo a akulu

Tsono tisabise. Akulu a mpingo ndi makolo ali ndi madandaulo pa magulu amenewa, ndipo si onse opanda pake.

Ena amati mwana tinamutuma kukaphunzira, osati kukaimba. Pamenepa pali choona. Taonapo magulu amene amakonza mapemphero a usiku wonse m'sabata ya mayeso, namauza wofuna kuwerenga kuti alibe chikhulupiriro. Kumeneko ndi kulakwa, ndipo tikunena poyera. Maphunziro amene alipiridwa ndi mabelo a fodya ndi thukuta la mayi m'dimba si chinthu chosewera nacho, ndipo Mkhristu wolephera mayeso chifukwa cha ulesi sachitira Ambuye umboni wabwino. Koma gulu loyenda bwino limachita zosiyana ndi zimenezi. A chaka chachitatu amakhala pansi ndi atsopano, amene kumeneko amawatcha ma caloiro, kuwathandiza masamu ndi kalembedwe ka Chipwitikizi, kuwabwereka mabuku ndi kompyuta. Kholo lisafunse ngati mwana ali m'gulu chabe, koma lifunse ngati gululo limawerengetsa.

Dandaulo lalikulu ndi la anyamata ndi atsikana kukhalira pamodzi popanda wamkulu. Sitingalipeputse. Mimba zosayembekezera zachitikapo, ndipo atsogoleri ena a magulu anagwiritsapo ntchito udindo wawo kunyenga alongo amene anawakhulupirira. Matenda a Edzi akadali pakati pathu. Koma tiyeni tiganize bwino za kumene kuli ngozi yaikulu. Tete ndi mzinda wa pamsewu waukulu, wodzala ndi amuna a ndalama amene mabanja awo ali kutali. Mtsikana amene ali pa ngozi kwambiri si amene akusenda mbatata pakati pa anzake 20 masana, koma amene ali yekha m'chipinda, wa njala, lendi itakwana, wopanda womuuza. Tikamuletsa kupita ku gulu sitinamuchotse pakati pa amuna. Tangomuchotsa pakati pa abale amene akanamuchenjeza.

Tiwonjezere kanthu kena kamene akulu sakonda kukatchula. Ana amenewa adzakwatira ndi kukwatiwa, ndipo ambiri adzapeza anzawo kusukulu komweko, kaya tifune kaya tisafune. Nanga si bwino kuti adziwane kumene khalidwe la munthu limaonekera? M'gulu mumadziwika amene amathawa ntchito, amene amapsa mtima akagonja pa mpira, amene amasunga bwino ndalama za anzake. Mabanja ambiri olimba a Chikhristu anayambira pamenepo. Chofunika ndi chakuti abusa a m'tauni ndi mabanja okhwima akhale pafupi ndi gululo, ndiponso kuti chibwenzi chikakula chibwere kwa ankhoswe ndi ku mpingo monga mwa dongosolo.

Dandaulo lina ndi lakuti m'magulumo muli a mipingo yonse, a Baptist, a Assemblies of God, a Nazarene, a Methodist ndi ena, ndipo mwana amabwerako akupemphera mokuwa ndi kufunsa mafunso pa za ubatizo wa ana. Zoonadi ena amatisiya. Koma tidzifunse: kodi tinamuphunzitsa Katekisma kuti amvetse, kapena kuti aloweze ndi kupambana mafunso a akulu? Mwana amene mnzake wa Baptist wamufunsa chifukwa chimene anabatizidwira ali khanda, mwina ndi tsiku loyamba limene akutsegula Baibulo kufuna yankho lake iye mwini. Ngati maziko analipo, amabwerako wolimba kuposa mmene anapitira. Kwa inu ophunzira tilinso ndi mawu. Kufika kumudzi ndi kumaweruza agogo anu kuti sanabadwe mwatsopano chifukwa amapemphera motsitsa mawu, si chitsitsimutso ayi, koma kudzikuza. Anthu amenewo anasunga chikhulupiriro m'nyengo imene inu simunaione.

Zimene makolo athu anachita

Nyengo imeneyo tiyenera kuikumbutsana. Pofika 1909 m'busa A. G. Murray, wochokera ku Mlanda, anali atatsegula mishoni ku Mphatso, ndipo ntchito inafalikira m'dera lino. Mu 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo ndipo amishoni anachoka. Chaka chomwecho ndi chimene Buku Lopatulika linatuluka lathunthu m'chinenero chathu. Kwa zaka pafupifupi 50 Akhristu a kuno analibe m'busa wokhala pakati pawo. Pofuna ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye ankadutsa malire kupita ku mipingo ya Nkhoma tsidya lija.

Tangoganizani za maulendo amenewo. Anthu kuyenda pansi m'magulu, kamba kumutu, kugawana chimanga chokazinga panjira, kugona m'nyumba za abale a tsidya lina, kudikira wotopa. Analibe guwa, analibe belu, koma anali ndi Buku ndiponso anali ndi anzawo. Mpingo umene tikupempheramo lero unasungidwa ndi anthu wamba amene anakana kuyenda yekhayekha. Ana athu akamasonkhana pansi pa mtengo ku Tete popanda m'busa, Baibulo lili m'manja, mphika uli pamoto, sakuyambitsa chachilendo. Akuchita zimene agogo awo anachita.

Ndipo Malemba ali ndi ophunzira awoawo. Danieli ndi anzake atatu anatengedwa kupita ku mzinda wachilendo kukaphunzira zaka zitatu m'chinenero cha eni dziko, napatsidwa maina atsopano. Yesero lawo loyamba linali la pa chakudya, ndipo analipirira ali anayi. Pamene moyo wawo unali pa ngozi, Danieli anathamangira kunyumba kukauza anzakewo kuti apemphere naye (Danieli 1 ndi 2:17-18).

Gawo la ife otsala kumudzi

Pali zinthu zimene mpingo wa kumudzi ungachite popanda kudikira sinodi. Mwana asanyamuke wopanda kalata ya mpingo, ndipo abusa kapena mlembi aimbire foni mpingo wa kumene akupita, kutchula dzina lake ndi sukulu yake, kuti pa Lamulungu loyamba lija pakhale munthu womugogodera. Maina a ophunzira athu onse alembedwe, ndipo azitchulidwa m'mapemphero a mpingo, makamaka m'nyengo ya mayeso. Makolo poimba foni asamangofunsa za ndalama ndi mamalikisi. Afunsenso kuti kodi ukudya ndi yani, ukupemphera ndi yani, mtsogoleri wanu ndani.

Akabwera pa tchuthi cha Disembala tiwapatse ntchito. Aphunzitse Sande sukulu, ayimbe, awerenge Mawu, wa zaulimi atiyang'anire mbatata zimene zikufota m'munda. Ambiri amakhala atazolowera Baibulo la Chipwitikizi la João Ferreira de Almeida, kotero powerenga Buku Lopatulika pa guwa lilime limapunthwa. Tisawaseke. Mwana wosekedwa kamodzi pa guwa sabwereranso, ndipo tidzadabwa kuti bwanji ophunzira athu amakonda mipingo ya m'tauni. Akabwera ndi mnzawo wa ku Inhambane kapena wa ku Niassa, tim'phere nkhuku, podziwa kuti mwina ndi yemweyo amene anakhala pambali pa mwana wathu kuchipatala.

Kwa inu amene muli m'magulu tsopano, yang'anani pakhomo. Gulu likakoma limasanduka mpanda msanga, nkukhala la a kwathu okhaokha, kapena la ovala bwino okhaokha. Wachilendo amene waima kumbuyo, wosadziwa nyimbo, amene amatuluka msanga mapemphero akatha, ndiye amene mphika wa Loweruka unaphikidwira. Mumutsatire mpaka mudziwe chipinda chake.

Pomaliza pali nkhani ya thumba. Malole a mbatata amatsika kuchokera kuno kupita ku Tete nthawi zonse, ndipo ena mwa eni ake ndi Akhristu anzathu. Pa nthawi ya zamasika, amayi a Chigwirizano ndi akulu a m'milaga angathe kupatula thumba limodzi la mbatata, lina la nyemba, lina la ufa. Pathumbapo pasalembedwe dzina la mwana mmodzi, koma la gulu lonse, ndipo woyendetsa galimoto apatsidwe nambala ya foni ya msungichuma wa gululo. Banja limene lili ndi mwana amene wanyamuka chaka chino lipereke dzina lake, sukulu yake ndi nambala yake kwa mlembi wa mpingo mapemphero akatha.